Tambuu wa Apongozi Anga, Che Amisi

Dzulo tinachita sadaka ya arubaini, masiku makumi anayi chiwaikire m'manda apongozi anga aamuna, Che Amisi. Anthu anabwera ambiri, ena wapansi kuchokera ku Nkholongue, ena pa mabwato. Atatha mapemphero aliyense ananena zabwino: kuti anali fundi wa ngalawa wopanda mnzake pa Meluluka pano, kuti sankaphonya mapemphero a swala, kuti sanatukwanepo munthu. Zonsezo n'zoona. Koma palibe amene anatchula tambuu. Ine mkamwini wawo, amene ndinasenzera chomera chimenecho dothi kuyambira chaka chimene ndinakwatira mwana wawo Asiyatu, ndinangoweramitsa mutu, chifukwa ndikanatsegula pakamwa sakanatuluka mawu oyenera pa sadaka.

Tambuu ndi chomera choyanga cha ku Mbwani, kunyanja yamchere. Masamba ake amafanana ndi a chilazi, koma ngonyezimira ngati munthu wawadzoza mafuta. Pa mfundo iliyonse chimatulutsa timizu togwirira pa mtengo kapena pa khoma. Anthu a kumeneko amakulunga m'tsambamo njereza ndi kamtedza kenakake n'kumatafuna. Kwathu kuno kamtedzako kanasiya kufika pamene maulendo a ku Mbwani anatha, Kampani ya Azungu itakhazikitsa maboma ake, ndipo apongoziwo mano am'kati anali atawathera kalekale. Choncho tambuu wawo sankatafunidwa. Sankachita maluwa, sankabala, sankachiza ngakhale chifuwa. Anali masamba basi, pa ngodya ya nyumba, mu mtsuko waukulu woboola pansi. Koma banja lonse tinkayendera iye.

M'nyumba imeneyo simunkasonkhedwa moto. Ankati utsi umatseka mphuno za masamba. Apongozi anga aakazi, Abiti Juma, ankaphikira panja mvula ndi mphepo, ndipo mwera ukamawomba m'miyezi yozizira, nyumba zonse zikufuka utsi, awiriwo ankagona m'nyumba yozizira ngati phanga. Madzi othirira Che Amisi sankatunga kunyanja. Ankafuna a m'kamtsinje ka kuseri kwa mudzi, ndipo ankayenera kugona mu mtsuko tsiku lathunthu kuti, monga ankanenera, aiwale kuzizira kwa miyala. Asanathire ankapisa chala m'dothi mpaka pa mfundo yachiwiri. Chikatuluka ndi chinyezi, ankabweza madziwo. Kawirikawiri ankati anthu ambiri amapha chinthu pochikonda kuposa pochida, ndipo ankanena zimenezi akuyang'ana aliyense amene wangopereka maganizo ake.

M'mawa uliwonse, akachoka ku swala, ankapukuta tsamba lililonse ndi kansalu konyowa, pamwamba ndi pansi. M'chilimwe ankavumata madzi n'kumawapemerera pa masambawo, kenako n'kupachika mphasa yonyowa pafupi. Nkhungu, tizilombo touluka tija, zikabwera kuchokera pa nyanja, ena onse akuthamanga ndi madengu kukakupa ndiwo, iwo ankathamangira kukatseka chitseko. Tinsabwe toyera tikamata kunsi kwa masamba, ankativiikira nthenga ya nkhuku m'madzi a fodya n'kumatichotsa kamodzikamodzi, bwato la munthu likudikira kukhomedwa pa mchenga. Mwini bwato akabwera kudzadandaula, ankamuuza kuti thabwa silifa ndi ludzu.

Ntchito yanga yoyamba ya chikamwini inali kufolera nyumba yawo. Ndinamweta udzu masiku ambiri, ndinafolera mosamala, pofuna kuti anthu aone kuti Asiyatu wapeza mwamuna. Mawa lake ndikubwera kunyanja ndinaona bowo pa denga, mbali ya kum'mawa, loti mbuzi n'kugweramo. Udzu wanga unali mbwee pansi.

Ndinagwada pa khomo. "Apongozi, kodi denga lija ndalakwitsa pati?"

"Simunalakwitse, akamwini. Mwafolera bwino zedi. N'chifukwa chake m'nyumba muli mdima."

"Nanga mvula ikabwera?"

"Idzagwera pa tambuu. Ndi kumene ikufunika."

Patapita masiku atatu dzuwa lolowera pa bowopo linawaula masamba awiri. Anandiitana, nandionetsa masambawo ngati dzuwalo ndinalituma ndine. Kenako anati ndiluke kamphasa ka bango kotayana, kuwala kuzidutsa koma dzuwa lisadutse. Koyamba ndinaluka kothinana, anakana. Kachiwiri anati n'kotayana kwambiri. Kachitatu anakalandira, koma ananena kuti amene anandiphunzitsa kuluka anali wa changu. Mvula itayamba madzi sanagwere pa tambuu yekha. Ananyowetsa ufa wa Abiti Juma, ndipo mayiwo anandikalipira ine, poti mwamuna wawo anali atasiya kale kumva zokalipa.

Dothi nalo linali mlandu. Mchenga wa kuno ankaukana. Chaka chilichonse mvula isanagwe ndinkakwera phiri kukakumba dothi lakuda la pansi pa mitengo ikuluikulu m'khwawa, kumene masamba amawolerana. Ndikanyamuka m'mawa ndinkafika dzuwa litapendeka, dengu lili pamutu ngati mkazi, anzanga akundiseka pa mchenga. Apongozi ankatapa pang'ono n'kununkhiza. Chaka china ndinatopa, ndinakumba pafupi, m'munsi mwa phiri. Ananunkhiza kamodzi kokha.

"Ili ndi la pansi pa msuku," anatero. "Pumulani lero. Mudzapita mawa."

Za mmene tambuuyo anafikira kuno sankakonda kufotokoza, koma ndinazimva kangapo. Ali mnyamata anatsagana ndi ulendo wa minyanga mpaka ku Mbwani, ndipo anatsalira kumeneko zaka zingapo kwa fundi wina wokalamba amene anawaphunzitsa kukhoma ngalawa. Pa khonde la funduyo panayanga tambuu. Pobwerera anadula ziphukira zisanu ndi ziwiri, nazikulunga m'khungwa lonyowa la nthochi. Ulendo unatenga miyezi. Kumene madzi ankasowa, ankagawana ndi ziphukirazo madzi a m'chiguli chawo. Chimodzi chokha ndicho chinafika chamoyo. Anachibzala panja, mwera unachithyola. Anachisunthira kuseri kwa nyumba, mbuzi zinachipeza. Ndiye anachilowetsa m'nyumba. Abiti Juma akamva nkhani imeneyi ankangoti amuna ena a ulendo womwewo anabwera ndi nsalu ndi mikanda, iwo anakwatiwa ndi amene anabwera ndi ndiwo zosadyeka.

Atakalamba, maso atachita nkhungu, ankawerenga masamba ndi manja. Tsamba likagwa ankadziwa, ndipo ankafunsa yemwe walowa m'nyumba. Zaka zimenezo anayamba kufunafuna woti amupatse mbewu. Ankagonetsa mphukira pa kaphale ka dothi, n'kuipanikiza ndi kamtengo kopindika pa mfundo, mpaka imere mizu yakeyake, ndipo pokhapo ankaidula. Akatero ankayenda ndi kaphaleko khomo ndi khomo. Palibe wa m'mudzi amene analandira, ndipo onse ankadziwa chifukwa chake. Mphunzitsi wina wa ku mishoni, mlendo wochokera cha ku Kobwe, analandira mwaulemu nakabzala pa bwalo la sukulu. Tsiku lachiwiri mbuzi inadya. Apongozi sanamupatsenso moni munthuyo mpaka anasamuka.

Chifukwa chimene anthu ankakanira ndi ichi.

Chaka cha nkhondo ya Azungu, m'mwezi wa dzuwa lalikulu, kunamveka kuti asilikali akubwera m'mbali mwa nyanja, akugwira amuna kuti azikawasenzera katundu. Sitinkadziwa ngakhale kuti ndi a mbali iti. Mudzi wonse tinathawira ku phiri, m'khwawa lomwe ndinkakumba dothi lija, kumene kuli miyala ikuluikulu yoti anthu n'kubisalamo. Mtsuko wa tambuu sunali wonyamulika, ndipo chomeracho chinali chitagwira khoma mpaka ku denga. Apongozi anathira madzi, anaphimba dothi ndi masamba a nthochi, anapachika mphasa yonyowa, natseka chitseko. Anali omaliza kutuluka m'mudzi.

Masiku awiri anakhala phee. Tsiku lachitatu sanadye. Tsiku lachinayi m'mawa anadzaza chiguli pa kasupe n'kutenga ndodo yawo. Mwana wawo wamwamuna mmodzi yekhayo, mlamu wanga Yusufu, anawaimirira kutsogolo. Anali mwamuna wamphamvu, wodziwa kupalasa, ndipo mkazi wake anali ndi pakati.

"Baba, mukupita kuti?"

"Ndikaone nyumba."

"Nyumba siimwa madzi. Khalani pansi. Akakuonani atipeza tonse."

"Nkhalamba ngati ine akaitenge ikasenze chiyani? Ndikathira, ndibwerera. Njira ndikuidziwa kuposa iwe."

Abiti Juma anawagwira mkono. "Atate ake a Yusufu, pano pali ana a anthu. Si banja lanu lokha."

Anachotsa dzanjalo pang'onopang'ono, mosakalipa, n'kutsika. Masana anabwerera, nati m'mudzi mulibe munthu, masamba anayi okha ndiwo afota. Anayang'ana Yusufu ngati kunena kuti waona. Patadutsa tsiku limodzi anatsikanso. Ulendo uno sanatsanzike aliyense.

Tsiku limenelo ine ndinali nditakwera kumtunda kukakumba mipama, poti chakudya chinali chitachepa. Nditatsika ndinapeza akazi akulira chamumtima, ana atakhala duu. Asilikali anali atafika patangopita kanthawi apongozi atabwerera. Anatenga amuna anayi, Yusufu mmodzi wa iwo. Nkhalambayo sanaikhudze n'komwe. Ndinaipeza itakhala pa mwala, chiguli chopanda madzi chili pa miyendo.

Atatu aja anabwerera mvula itatha, ataonda ngati bango. Yusufu sanabwere. Anati kamwazi anamugwira pa njira, ndipo anamukwirira m'mbali mwa mtsinje umene ngakhale iwo sakanatha kuulozanso. Mmodzi wa iwo anandiuza kuti asilikaliwo ankaseka pofotokoza: anaona nkhalamba ikulowa ndi madzi m'nyumba ya m'mudzi wopanda anthu, anabisala m'chinangwa, n'kuilondola. Apongozi mpaka imfa yawo sanavomere zimenezi. Ankati utsi wa moto wathu unkaoneka kuchokera ku nyanja, ndipo akanatipeza ndithu. Kapena n'zoona. Ine utsiwo sindinauone.

Tsiku limene uthenga wa Yusufu unafika, Abiti Juma sanalire. Anatenga mpeni wotumbulira nsomba, analowa m'nyumba, nayamba kudula. Anakanganula tambuu yense ku khoma, anagubuduza mtsuko mpaka unasweka pa khomo, nakokera masamba onse ku khola la mbuzi. Apongozi aamuna anali pa khonde, akuona zonse. Sanadzuke. Ine mumtima ndinati zatha, ndipo ndisabise, ndinamva kupepukidwa.

Patapita milungu itatu Asiyatu anandituma kukatenga nkhwangwa m'nyumba ya atate ake. Ndikufufuza kunsi kwa kama ndinapeza kamphika kophimbidwa ndi dengu. M'kati munali kachidutswa ka tambuu kotalika ngati chala, ka mfundo ziwiri, katatulutsa katsamba kamodzi kofiirira. Apongozi anali atakatola ku khola mbuzi zisanamalize. Ndikutembenuka ndinawaona ali pa khomo.

Mkamwini sakweza mawu kwa apongozi. Tsiku limenelo ndinakweza.

"Apongozi, chinthu ichi chadya mwana wanu. Mukuchisungiranji?"

"Bwezeranipo dengulo. Kuwala kwachuluka."

"Amayi akachiona?"

"Adzachiona. Sindidzabisa mpaka kale." Anakhala pa kama, napukuta kumaso ndi dzanja. "Akamwini, ndikachisiya chife tsopano, ndiye kuti Yusufu anapitiranji?"

Ndinafuna kuwauza kuti Yusufu anapita chabe, chife kapena chisafe. Mawu anafika pa lilime. Koma ndinabwezerapo dengu lija. Mpaka lero ndimadzida chifukwa cha kubwezera kumeneko.

Abiti Juma atadziwa, sanakanganenso. Anamanga nsalu zawo ndi miphika, anasamukira m'nyumba mwathu, ndipo sanapondenso m'nyumba ya mwamuna wawo. Ukwati sanauthetse. Ankawaphikira tsiku lililonse, Asiyatu n'kumapititsa. Akadwala ankafunsa mmene agonera, ataima patali. Shehe analankhula nawo onse awiri, akuluakulu a mbumba analankhula, osaphula kanthu. Mayiwo ankati adzalowa tsiku limene chomeracho chidzatuluke. Bambowo ankati chitseko sichinatsekedwepo. Mkazi wa Yusufu anabereka mwana wamwamuna, ndipo mwanayo wakula osalowamo m'nyumba ya agogo ake, chifukwa mayi ake anamuletsa. Nthawi yonseyi tambuu anali kukwera. Anagulirwa mtsuko wina, ndipo ine ndinapitiriza kukwera phiri chaka ndi chaka, kukakumba dothi m'khwawa lomwelo, pafupi ndi mwala womwewo. Ndinkadzifunsa ulendo uliwonse chifukwa chake sindikukana. Munthuyo anandiphunzitsa kukhoma bwato, sanandimanepo chipangizo, ana anga ankawakonda. Kungoti pa chinthu chimodzi chimenechi analibe makutu.

Matenda awo omaliza anali a chifuwa, m'nyengo ya mwera. Tinawapempha kuti tisonkhe moto m'nyumba, anakana. Tinati tiwanyamule akagone kwathu kofunda, kumene kunali akazi awo, anakananso. Asiyatu analira, nati atate ake asankha masamba kachiwiri. Tsiku lomwe anamwalira, m'mawa, anandiitana. Ndinaganiza kuti anena za Yusufu, kapena atuma mawu kwa Abiti Juma, amene anali atakhala pa mchenga kunja kwa khonde chiyambire mbandakucha. Ndinasendera pafupi.

"Mphukira ya kumanzere ija yasiya khoma," anatero. "Muimange ndi luzi, koma musathinitse."

"Ndamva. Nanga amayi ndiwauze chiyani? Ali panjapa."

Anangoti: "Auzeni alowe."

Ndinatuluka ndi mawuwo. Mayiwo anafunsa ngati chomeracho chikadali momwemo. Ndinati chilimo. Anati ndiye amva ali pompo. Ndinalowanso, ndinatulukanso, ngati mtumiki wa mafumu awiri okangana malire. Dzuwa lisanafike pamutu anali atapita, akazi awo ali mapazi khumi kuchokera pa kama.

Maliro atatha ndinali ndi mpata wozula chinthucho. Palibe akanandiletsa. M'malo mwake ndinamanga mphukira ija ndi luzi, ndipo ndinayamba kuthirira. Ndinkathira m'mawa ndi madzulo, poopa kuti anthu anganene kuti mkamwini wapha dala chomera cha malemu. Mlungu wachiwiri masamba am'munsi anachita chikasu. Ndinaganiza kuti ndi ludzu, ndinawonjezera madzi. Mlungu wachitatu tsinde linafewa, dothi linayamba kununkha ngati chinangwa chovikidwa. Ndinadula ziphukira zinayi n'kuziika m'timiphika, zonse zinada. Ndinakwera ngakhale phiri kukatenga dothi latsopano, popanda wondituma, ndikudzitukwana njira yonse. Sizinathandize. Ndinakanganula zouma zonse ndi kukazitaya kudzala.

Madzulo ake ndinauza Abiti Juma kuti tambuu uja wafa. Anali akusankha usipa pa lichero, ndipo sanadzutse mutu.

"Anayamba ndi masamba apansi?"

"Inde."

"Munamuthira madzi ambiri. M'nyengo yozizira samwa kawirikawiri. Mukanandifunsa."

"Mukanandiuza?"

"Iyayi," anatero, napitiriza kusankha.

M'nyumbamo sanalowebe. Akuti anazolowera kwathu.

Lero m'mawa ndinapita ku nyumba ya malemu kukabweza mphasa zimene tinayalira alendo a sadaka. Pa ngodya paja pansi panalowa pang'ono, pali chizungulire chakuda pamene pankakhala mtsuko, ndipo dothi lake silinaumebe. Pa khoma patsala timizu touma tambirimbiri, tomata ngati miyendo ya bongololo, kuchokera pansi, kukhotera ku zenera, kubwerera, mpaka ku mitengo ya denga. Ukayang'ana bwino umaona njira ziwiri: yakale, imene mayi aja anakanganula pamodzi ndi zibuma za dothi, ndi yatsopano yodutsa pambali pake. Nkhuku ya Asiyatu yayamba kuikira pomwepo, poti m'pozizira. Mwana wa Yusufu anabwera nane kudzathandiza kunyamula mphasa. Anaima pa khomo, anasuzumira, nafunsa ngati ndi pamenepo. Ndinati ndi pamenepo. Anayang'ana khomalo kanthawi, kenako anati n'pochepa, iye ankaganiza kuti chinali chinthu chachikulu. Anatula mphasa pa khonde n'kubwerera ku nyanja.